Kuona M'kati Popanda Mpeni

Galu wathu anagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza m'mwezi wa Juni, tsiku lina la kamvula kowaza kamene ife a ku Mzuzu timakadziwa bwino, kosanyowetsa msanga koma kozizira mpaka m'mafupa. Anafika pakhomo akudumpha ndi miyendo itatu, wakumbuyo wakumanzere uli lende. Sanalire kwambiri. Anakalowa kuseri kwa mulu wa nkhuni n'kugona, maso ali pa ife, ndipo mwana wanga wamng'ono atafuna kumukhudza anamuonetsa mano, chinthu chimene anali asanachitepo chibwerere pakhomopo. Dzina lake ndi Taiga, monga theka la agalu a m'tauni muno. Si galu wamtundu wapamwamba ayi. Tinamutenga ali kamwana kwa anzathu ena ku Chibavi, osalipira kanthu, ndipo wakula ndi mikute ya nsima, mitu ya usipa ndi madeya ophika.

Madzulo ake kunabwera mlangizi wa ziweto amene mnansi wathu anatilozera, bambo wachikulire wa chikwama chakuda chothetheka m'makona. Anamanga galuyo kukamwa ndi kansalu, nandiuza kuti ndimugwire pakhosi ndi paphewa. Kenako anayamba kuyendetsa zala pamwendo uja, kuchokera m'chiuno kutsika, pang'onopang'ono, maso atatsinzina. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinaona kudekha kumeneko tsiku limenelo. Atafika pansi pa bondo anaima, nabwerezanso kawiri.

"Lathyoka apa, adada," anatero. "Koma kuti lathyoka pamodzi pokha kapena lasweka tizidutswa, manja sanganene zonse. Pakanakhala makina tikanajambula."

Ndinafunsa kumene tingakajambulitse. Iwo anati kumene akudziwa bwino ndi ku Lilongwe. Tonse tinakhala chete, aliyense akuwerengera mumtima mwake: makilomita oposa 350 a msewu wa M1, kudutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, pa galimoto yahayala popeza palibe kondakitala angalole galu wovulala m'basi, kuphatikizapo mafuta, malo ogona ndi malipiro a dokotala. Sitinatchule chiwerengero. Bambo aja anapempha nsungwi, naisenga kukhala timapale tinayi, nakuta mwendowo ndi thonje, namanga ndi bandeji. Anamubaya jakisoni wochepetsa ululu, nati galuyo akhale womangirira milungu isanu ndi umodzi.

Nkhani imeneyi ndinaikumbuka nditamva kuti msika wa makina ojambulira ziweto X-ray ukukula padziko lapansi. Amene amalemba malipoti a misika yotere amalembera anthu ofuna kuika ndalama zawo pamene pali phindu, choncho mawu awo ndi okoma nthawi zonse, ndipo Africa amangoitchula kumapeto, ataiphatikiza ndi maiko a Aluya m'ndime imodzi. Komabe kukulako n'koona. Chimene ndakhala ndikusinkhasinkha ndi ichi: msika umenewu umamera pa dothi lotani, ndipo dothi la kuno kwathu lili nawo pafupi motani.

Makinawa ndi akale kuposa mzinda wathu. Wilhelm Röntgen anatulukira cheza chimenechi pa 8 Novembala 1895 ku Würzburg m'dziko la Germany, pamene Mzuzu anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947 ndipo anakhala mzinda mu 1985. Chithunzi chimene dziko lonse limakumbukira ndi cha dzanja la mkazi wa Röntgen, mafupa ndi mphete zikuonekera. Koma nyama sizinachedwe kulowa pamzere. Mu 1896 akatswiri awiri a ku Vienna, Josef Maria Eder ndi Eduard Valenta, anasindikiza zithunzi za nsomba, achule, khoswe ndi bilimankhwe, minga ndi nthiti zili mbee. Röntgen analandira mphoto ya Nobel mu 1901, ndipo anakana kulembetsa chimene anatulukiracho ngati chuma chake, kuti aliyense achigwiritse ntchito. Kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kuchokera nthawi imeneyo. Cheza chimadutsa mosavuta mu mpweya ndi mumnofu, koma fupa limachitsekereza, ndipo chitsulo chimachitsekereza koposa. N'chifukwa chake pachithunzi mapapo amaoneka akuda, fupa loyera, msomali woyera kwambiri. Chimene timachitcha chithunzicho kwenikweni ndi mthunzi, ndipo mthunzi umodzi umanama: pamafunika kujambula kawiri, cham'mbali ndi chakutsogolo, kuti fupa lothyoka lisabisale kuseri kwa linzake.

Chasintha ndi chotengera mthunziwo. Kale pankafunika filimu, chipinda chamdima ndi mankhwala otsukira, amene ankatha mphamvu akakhalitsa. Kampani ya Fuji ya ku Japan inayamba kugulitsa makina osunga chithunzi pakompyuta mu 1983, ndipo lero pali timabolodi tokhala ngati thireyi timene timatumiza chithunzi pa laputopu m'masekondi ochepa. Makina otulutsa cheza nawo achepa msinkhu, ena amayendera batire ndipo munthu mmodzi amawanyamula kupita nawo kukhola. Chithunzi chikatuluka chingathe kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri amene ali kutsidya kwa nyanja, iye n'kuyankha tsiku lomwelo. Zonsezi zafewetsa ntchito. Koma chimene chakulitsa msika si luso lokha ayi. Ndi malo amene galu ndi mphaka atenga m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America, kumene amagona pabedi, amawerengedwa pa ana, ndipo akadwala mwini wake sagona tulo. Ku Sweden agalu ambiri ali pa inshulansi ya zaumoyo. Ku United States, mu 2023, anthu anawononga ndalama pafupifupi madola 147 biliyoni pa ziweto za m'nyumba, kuposa kakhumi chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pachaka. Kampani ya Mars, yomwe ija ya chokoleti, imenenso imapanga zakudya za agalu za Pedigree ndi Royal Canin, inagula gulu la zipatala za ziweto la VCA mu 2017 pa mtengo woposa madola 9 biliyoni. Wogulitsa chakudya cha galu ndi yemweyo akumujambula akadwala. Sindikunena izi monyoza. Ndikungofuna tione kumene madzi a msikawu akuchokera.

Ife a kuno si kuti sitidziwa m'kati mwa nyama. Timamudziwa bwino kuposa anthu ambiri a ku London, amene nyama amaiona itakutidwa kale m'pulasitiki. Mnyamata aliyense wokulira kumudzi ku Mzimba anagwirako mwendo wa mbuzi ikusendedwa, ndipo amatha kuloza chifu, kapamba, ndulu ndi impso asanaphunzire mayina ake kusukulu. Ndikukumbukira agogo anga aamuna akutembenuza chiwindi cha ng'ombe pa tsamba la nthochi, akuchidinikiza ndi chala, akuchicheka pang'ono kuti aone ngati muli nyongolotsi. Akapeza mapapo omatirira kunthiti ankagwedeza mutu n'kunena kuti n'chifukwa chake inkatsalira m'mbuyo pobwera kudambo. Kumeneko kunali kuyeza matenda, ndipo kunali kolondola. Mpaka lero, kophera ng'ombe, woyeza nyama wa boma amayenda ndi mpeni wake, kucheka mapapo, chiwindi, mtima ndi timwanabele, kufunafuna zizindikiro za chifuwa chachikulu kapena timatuza ta njoka za m'mimba, asanadinde chidindo chake. Nzeru yoona m'kati tili nayo. Kungoti timaona nyama itafa kale, ndipo zimene taonazo zimathandiza odya ndi ziweto zotsala m'khola, osati mwini thupilo.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Mbuzi ikathyoka mwendo kumudzi, funso la mmene fupalo lathyokera silibwera n'komwe. Pamabwera funso lakuti tiiphe lero kapena mawa, ndi ndani angagule mwendo wakumbuyo pa ngongole. Ng'ombe yapangolo ikagwera m'dzenje n'kuthyoka, uthenga umapita kwa abutchala dzuwa lisanalowe, poti ikachedwa mtengo utsika. Wina wochokera kunja angaone ngati nkhanza. Ine sindiona choncho. Munthu amene amadzuka mbandakucha kukatsegula khola, amene amadziwa ng'ombe iliyonse ndi dzina ndi khalidwe lake, sakhala wopanda chifundo. Koma chiweto chake ndi banki yake, fizi ya mwana wa ku sekondale, malowolo a mnyamata, ndiwo za pamaliro. Mpeni umapulumutsa gawo lalikulu la chuma chimenecho, ndiponso umafupikitsa ululu wa nyamayo. X-ray ndi ya nyama imene mwini wake watsimikiza kale mumtima kuti saipha. Pamene mpeni uli yankho lokwanira, makina alibe ntchito, ngakhale ataperekedwa ulere.

Galu ndiye ali pamalo ovuta. Sadyedwa, choncho mpeni sumukhudza. Sagulitsidwa, choncho palibe chuma chopulumutsa. Galu wakumudzi akathyoka mwendo amadzichiza yekha kuseri kwa nkhokwe, ndipo agalu otsimphina amene timawaona m'misewu ya ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo ndi umboni wakuti fupa limalumikizana lokha, ngakhale mokhota.

Koma masamu akale aja ayamba kusintha, ndipo pozungulira Mzuzu asinthira pa ng'ombe yamkaka. Dera lino ndi limodzi mwa madera atatu a ulimi wa mkaka m'dziko muno, pamodzi ndi Lilongwe ndi Blantyre, ndipo alimi ake ali m'magulu osonkhanitsa mkaka monga a ku Lusangazi, Doroba ndi Kavuzi, pansi pa bungwe la Mpoto Dairy Farmers Association. Ng'ombe zawo si zamakolo zija za linunda. Ndi zamabala akuda ndi oyera, zamagazi a Friesian, zokhala m'khola tsiku lonse kudikira nsenjere ndi madeya. Ambiri ali ndi imodzi kapena ziwiri, ena anailandira kudzera mu ndondomeko yopatsirana, pamene thole loyamba lalikazi limapita kwa mnzako. Ng'ombe yotere mtengo wake suli mu nyama. Uli mu mkaka wa m'mawa ndi madzulo kwa zaka zingapo zikubwerazo, ndi m'matole amene sanabadwe. Kuipereka kwa abutchala n'kugulitsa nyumba pa mtengo wa njerwa. Mayi amene ali ndi ng'ombe imodzi yotereyi ali ndi chifukwa chenicheni chofunira kudziwa chimene chili m'kati mwake idakali moyo.

Ndiye kodi X-ray ingamuthandize? Pena inde. Ng'ombe sisankha podya. Imakokera udzu ndi lilime n'kumeza, ndipo ikadyetsedwa udzu womwetedwa m'mbali mwa msewu kapena pafupi ndi pomanga nyumba, imameza misomali ndi tizidutswa ta waya. Chitsulocho chimakakhala m'kathumba kakutsogolo kwa chifu, kamene kali pafupi kwambiri ndi mtima, ndipo chikaboola ng'ombe imasiya kudya, imapinda msana, imabuula poyenda, mkaka n'kuuma. Pachithunzi msomali umaoneka bwino lomwe. Vuto n'lakuti chifuwa cha ng'ombe yaikulu n'chochindikala kwambiri, ndipo timakina tonyamula m'manja tija tilibe mphamvu yochidutsa bwino; timagwira ntchito pa miyendo, ziboda, matole, mbuzi ndi agalu. Ojambula chifu cha ng'ombe ndi makina akuluakulu a m'zipatala zophunzitsira. M'maiko a mkaka wambiri alimi sadikira chithunzi: amamezetsa ng'ombe kamaginito kamene kamakhala m'chifumo moyo wake wonse, kukoka zitsulo zisanaboole. Kamaginito kameneko n'kotchipa kuposa chithunzi chimodzi.

Palinso mdani wina amene X-ray simuona bwino. Aliyense amene anaonerera mbuzi za m'tauni zikuphedwa anaonapo chimpira cha majumbo opotana chikutulutsidwa m'chifu, nthawi zina chachikulu ngati mutu wa mwana. Mbuzi yotere imaonda mimba ili tuu, mwini wake n'kumaimwetsa mankhwala a nyongolotsi osaona kusintha. Pulasitiki simatsekereza cheza ngati chitsulo, choncho pachithunzi imasokonezeka ndi udzu. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, nkhaniyo inazungulira m'makhoti mpaka Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma mbuzi za kumsika zikupitirirabe kuwapeza. Matenda amenewa mankhwala ake ali pa dzala la zinyalala, osati m'chipinda chojambulira.

Ndipo mlimi wa mkaka mukamufunsa chimene akufuna kuona m'kati mwa ng'ombe yake, satchula fupa. Amafuna kudziwa ngati yatenga bere. Mwezi uliwonse umene ng'ombe ikhala yopanda bere iye akuganiza kuti ili nalo ndi mwezi wa mkaka wotayika chaka chamawa. Yankho la funso limeneli limachokera pa dzanja la mlangizi wodziwa ntchito, kapena pa kamakina ka sikani, kofanana ndi kamene amayi oyembekezera amaunikidwa nako, kamene kamagwiritsa ntchito mafunde a phokoso osati cheza, ndipo kamatha kuona bere patangotha pafupifupi mwezi umodzi. Ndikanakhala ndi ndalama zogulira gulu la alimi makina amodzi okha, ndikanayamba ndi kameneko.

Tikayang'ana zimene zimapululadi ziweto zathu, pafupifupi zonse sizioneka pa X-ray. Chigodola cha ng'ombe, chimene m'mabuku amati East Coast fever, chimabwera ndi nkhupakupa zokonda kuluma m'makutu, ndipo chimapha kwambiri ng'ombe zamkaka zija. Kuchizindikira kumafuna kadontho kotengedwa m'mwanabele wotupa, kagalasi, ndi makina oonera tizilombo, ntchito imene malabotale a boma a ziweto ku Lilongwe, Blantyre ndi kuno ku Mzuzu anakhazikitsidwira. Katemera wake amapangidwa m'dziko mwathu momwe muno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe. Akuluakulu amakumbukira masiku a dibi, pamene ng'ombe za mudzi wonse zinkapita kukasambira mankhwala pa tsiku loikika. Madibi ambiri anaphwa boma litasiya kuwayendetsa lokha. Chitopa chimasesa nkhuku chaka ndi chaka nyengo yotentha, pamene katemera wake ndi kadontho kamodzi m'diso. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, chimangofuna khola lotseka ndi kuletsa kuyendetsa nkhumba. Ndiye pali chiwewe, chimene chimadumpha kuchoka kwa galu kupita kwa mwana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo akatswiri amagwirizana kuti kutemera agalu 70 mwa 100 alionse kumadula unyolo wake. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu mwaunyinji mu 2015. Taiga wathu, ndinene zoona, chimene ankafunikira kwambiri chaka chimenecho sichinali chithunzi. Anali atadumphitsa katemera wake wa chiwewe, ndipo mlangizi uja ndiye anandikumbutsa, mwaulemu, akutseka chikwama.

Pali chinanso chimene chimandivuta kuchinena, koma chiyenera kunenedwa. Azakhali anga anagwa pochokera kumunda n'kuvulala dzanja. Pachipatala chaching'ono cha kwawo panalibe makina ojambulira. Kumene anawatumiza anapeza makina atawonongeka, akudikira chipangizo chochokera kunja. Anakhala masiku angapo dzanja atalikoleka pa chitenje, mpaka tinawabweretsa kuno kutauni, kumene anajambulidwa n'kuikidwa chikhakha. Munthu amene waona zimenezi akamva za X-ray ya galu, mtima umamuwawa, ndipo sindingamuuze kuti akulakwa. Ndikudziwa kuti ndalama za dokotala wa ziweto wogula makina ake si ndalama za Unduna wa Zaumoyo, ndipo galu akapanda kujambulidwa sindiye kuti azakhali ajambulidwa msanga. Koma makina onsewa amagulidwa ndi madola omwewo osowawa, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wawo unakwera kwa onse. Amadalira magetsi omwewo, ndi amisiri ochepa omwewo odziwa kuwakonza. Mwina apa pali kachiyembekezo kakang'ono: makina akachuluka m'chigawo, kaya a anthu kaya a ziweto, mmisiri amakhala ndi chifukwa chokhalira ku Mzuzu m'malo moitanidwa kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Ndipo timakina tonyamulika timeneti si tachilendo kwenikweni. Ndi abale a makina amene amayenda m'magalimoto ounika chifuwa chachikulu m'madera athu.

Sindikukayika kuti makinawa adzachuluka kuno, ndipo ndikuganiza kuti adzalowera pa geti la nyumba za mipanda. Yendani madzulo ku Katoto kapena ku Kaning'ina mumve makuwidwe a agalu a kuseri kwa makoma. Si a Taiga ayi. Ndi ma German Shepherd ndi ma Boerboel ogulidwa ndi ndalama zambiri, ena ochokera ku South Africa, ndiponso agalu a makampani a zachitetezo amene ali pantchito ngati alonda. Mitundu ikuluikulu imeneyi imavutika ndi matenda obadwa nawo a m'chiuno, amene amatsimikizika ndi X-ray basi, ndipo woweta agalu ogulitsa amene angaonetse chithunzi cha chiuno cha make wa tiana adzagulitsa mokwera kuposa mnzake. Pali ana a m'tauni amene akukula akumutcha galu mnzawo, osati mlonda chabe. Pali mahatchi ochepa a alendo kunyanja ku Kande, ndi nyama zakutchire za ku Nyika ndi ku Vwaza zimene zimakodwa m'misampha ya waya. Ndiponso pali madokotala. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna kukhala dokotala wa ziweto ankayenera kukaphunzira kunja, ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Kenya kapena ku Ulaya, pamene kuno tinkaphunzitsa alangizi ku Mikolongwe ndi ku Natural Resources College. Tsopano yunivesite ya LUANAR ili ndi sukulu yakeyake ya madokotala a ziweto ku Bunda, ndipo achinyamata otuluka kumeneko sangalowe onse m'boma. Ena adzatsegula zipatala zawo, ndipo dokotala wachinyamata amene anaphunzira kuwerenga chithunzi sadzakhutira ndi zala zokha.

Sindimuchitira nsanje dokotala ameneyo, ngakhale makasitomala ake. Galu wa munthu wolemera akalipira makina, tsiku lina thole la mayi wa ku Doroba lidzajambulidwa pa makina omwewo, ndipo mwina Taiga wina. Nkhawa yanga ili pa zimene zimatsatira chithunzi. Tiyerekeze kuti tsiku lija makina analipo pafupi, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti fupa lasweka patatu. Kenako? Pakanafunika opaleshoni, mankhwala ogonetsa ndi munthu wodziwa kuwayeza, kachitsulo kolumikizira fupa ndi tizomangira take, zida zowiritsidwa bwino, ndi chithunzi china pakatha milungu ingapo. Popanda zimenezi, tikanabwerera ku nsungwi yomweyo, kungoti tikudziwa bwino chimene tikulephera kuchita. Wogulitsa makina amagulitsa bokosi. Zotsalazo, zimene zili zambiri ndi zodula kuposa bokosilo, sizilowa m'malipoti a msika.

Ndiye palinso cheza chenichenicho, chimene sichioneka, sichinunkha, sichipweteka pa nthawiyo. Munthu wodwala amauzidwa kuti aime chilili ndi kugwira mpweya, ojambula n'kubisala kuseri kwa khoma. Galu sauzidwa. Wina amayenera kumugwira, ndipo kawirikawiri amakhala wantchito wotsikitsitsa pachipatalapo, amene angagwire agalu mazanamazana pachaka. Chithunzi chimodzi sichivulaza, koma kuwononga kwa cheza kumaunjikana m'thupi la wogwirayo pa zaka, ndipo kungathe kuyambitsa khansa. N'chifukwa chake pamafunika chovala ndi magolovesi a mtovu, kabaji koyeza cheza chimene munthu walandira, khoma lochindikala, ndi kugonetsa nyama ndi mankhwala m'malo moigwira ndi manja. Dziko lathu lili ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011, ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zida zonse zotulutsa cheza. Ambiri tikamva dzina limeneli timaganiza za mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, koma lamulolo limakhudzanso kachipinda kakuseri kwa sitolo ya mankhwala a ziweto. Pamene makina otchipa ogwiritsidwapo kale ntchito angathe kuitanitsidwa pa foni n'kulowa pa Songwe m'katoni, mnyamata wogwira galu uja ndiye ndimamuganizira.

Mlangizi uja anabweranso patatha milungu isanu ndi umodzi kudzamasula. Taiga anali atatafuna bandeji kawiri, ndipo kawiri konse tinamanganso ndi mkazi wanga, mmodzi atagwira mutu wina akukulunga. Nsungwi zitachoka, mwendo unali wowonda, ubweya utathothoka. Bambo aja anayendetsanso zala zawo malo omwe aja, maso atatsinzina ngati poyamba, nagwira dzanja langa n'kuliika pamene panali chotupa cholimba ngati nthudza.

"Mwamva apa? Ndi fupa latsopano limeneli. Lagwira, adada. Lakhota pang'ono, koma lagwira."

Ndinawalipira, ndipo ndalama yake sikanakwana ngakhale mafuta okafika ku Jenda. Papita zaka ziwiri tsopano. Taiga amathamangitsa njinga zamoto monga kale, sanaphunzirepo kanthu. Koma m'mawa wa Juni ndi Julayi, nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina, amadzuka mochedwa, n'kuyenda masitepe angapo mwendo uja ataukweza m'mwamba, mpaka dzuwa litafika pakhonde. Nthawi zina akagona pafupi ndi mpando wanga ndimatsitsa dzanja n'kufufuza kachotupa kaja pansi pa bondo. Kachepa, koma kakadalipo, ndipo iye amandilola kukagwira.